Mita yopanda mbiri

Mukalumikiza malitimita ya manambala asanu ndi atatu ndi theka ku gwero la mavolt 10, pagalasi lake pamaoneka nambala ngati 10.0000123. Manambala awiri omalizawo sakhazikika. Wina akatsegula chitseko amayenda pang'ono, akachitseka amabwerera mwapang'onopang'ono. Munthu amene anazolowera mita ya m'manja, ija ya okonza mafoni ndi mawailesi, akaona zimenezi amafunsa kuti, nanga yoona ndi iti? Funso limeneli ndakhala nalo nthawi yaitali pa ntchito yopima zida zoyezera magetsi, ndipo yankho limene ndafikapo silikondweretsa eni zida ambiri. Nambala ya lero payokha siuza munthu zambiri. Imakhala ndi mphamvu pokhapokha ikaikidwa pambali pa nambala imene mita yomweyo inalemba chaka chatha ndi chaka chinacho, itayang'anizana ndi muyezo wodziwika.

Malitimita siidziwa kuti volt n'chiyani. Ntchito yake ndi kuyerekeza basi. M'kati mwake muli kachipangizo kotulutsa mphamvu yokhazikika, ndipo chilichonse chimene mwalumikiza kunja chimafanizidwa ndi kachipangizo kameneko. Mita yodziwika kwambiri ya mtunduwu ndi 3458A, imene Hewlett-Packard inatulutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ikugulitsidwabe lero ndi dzina la Keysight. Mumtima mwake muli LTZ1000, zener yokwiriridwa pansi pa khungu la silikoni, yotulutsa mavolt 7 ndi pang'ono, yokhala ndi kotenthetsera kakekake kuti isamve kusintha kwa mpweya wa m'chipinda. Ndi chipangizo chopangidwa mwaluso kwambiri, komabe chimakalamba. Miyezi yoyamba chimasuntha mofulumirirako, kenako chimadekha, koma sichiima. N'chifukwa chake opanga analonjeza kuti pa mavolt 10 mitayi singaphonye kupitirira pafupifupi 8 ppm pa chaka, ndiye kuti magawo 8 mwa magawo miliyoni imodzi, omwe ndi mamicrovolt 80. Pomwepo galasi lake limaonetsa kusintha kwa gawo limodzi mwa magawo khumi a microvolt imodzi. Ndiye kuti mita imakuonetsani zinthu zazing'ono nthawi 800 kuposa zimene yalonjeza kusunga mpaka chaka chitatha.

Izi sizitanthauza kuti manambala omalizawo ndi achabe. Mukayeza magwero awiri motsatizana, m'mphindi zochepa, mitayi imakuuzani kusiyana kwawo molondola modabwitsa, chifukwa njira yake yosinthira mphamvu kukhala nambala ndi yowongoka mpaka pafupifupi 0.1 ppm. Pa luso limeneli ndi pamene opanga anamangapo njira yowongolera mitayi ndi miyezo iwiri yokha yakunja, wa mavolt 10 ndi resistor ya maohm 10,000, kuphatikizapo kawaya kolumikiza zibowo zake kuti ipeze ziro. Ikalandira ziwirizi, imadzigawira yokha ku magawo ena onse a ntchito yake. Ndimaikonda nzeru imeneyi, koma imandipatsanso mantha, pakuti muyezo wa mavolt 10 ukakhala wophonya, kuphonyako kumalowa paliponse, mwakachetechete, ndipo mita imapitiriza kuonetsa manambala ake onse mokhazikika ngati palibe chachitika.

Tsiku lopima limayamba dzulo lake. Mita imaikidwa m'chipinda chimene kutentha kwake kumasungidwa pa madigiri 23, osaloledwa kukwera kapena kutsika kupitirira digiri imodzi, n'kuyatsidwa, n'kusiyidwa. Opanga amati maola 4 akwanira, koma ikakhala kuti yayenda ulendo wautali ndi bwino igone ikuyaka. Tisanakhudze chilichonse timalemba kutentha kwa m'kati mwake, chifukwa sefa ya fani ikadzaza fumbi m'katimo mumatentha kuposa kale, ndipo mwini wake ayenera kudziwa kuti mita yake yakhala ikugwira ntchito ili choncho. Kutsuka sefa kumabwera pambuyo.

Chimene chimatenga nthawi yambiri si mita ayi, ndi mawaya. Mu 1821 Thomas Seebeck anapeza kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizana, ndipo malo olumikizanawo akasiyana kutentha, pamabadwa mphamvu yamagetsi yaing'ono. Kwa wokonza wailesi izi sizioneka n'komwe. Kwa ife ndi nkhondo ya tsiku lililonse. Kopa akakumana ndi kopa mnzake woyera, mphamvuyo siifika n'kotala ya microvolt pa digiri imodzi. Akakumana ndi mtovu wowotcherera mawaya, imakhala pakati pa microvolt imodzi ndi atatu. Koma kopa akachita dzimbiri n'kuda, malo amenewo akhoza kutulutsa pafupifupi mamicrovolt 1,000 pa digiri imodzi, ndipo zonse zimene mukuyeza zimamira m'menemo. Motero nsonga za waya timazipala mpaka ziwale, sitizigwira ndi zala, ndipo tikamanga timachoka pafupi. Kutentha kwa dzanja kumatsalira pa chitsulo kwa mphindi zingapo, ndipo mumakuona pagalasi kukutha pang'onopang'ono. Ophunzira ntchito ambiri amalephera pamenepa, osati chifukwa chosadziwa masamu, koma chifukwa cholemba nambala isanakhazikike. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'chipinda chopimira mwambiwu ndi lamulo la ntchito.

Zotsalira zimachotsedwa potembenuza mawaya. Tiyerekeze kuti mita yalemba 10.0000130, ndipo mutasinthanitsa mawaya pagwero yalemba 10.0000116 ya kumunsi kwa ziro. Gwero latembenuka, koma mphamvu yobadwira m'mawaya ndi m'zibowo za mita sinatembenuke. Pakati pa manambala awiriwo pali 10.0000123, ndipo 0.7 ya microvolt ndiyo inali mlendo. Phokoso lochokera ku magetsi a m'nyumba nalonso lili ndi mankhwala ake. Magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiye mita ikauzidwa kuti iwerenge kwa nthawi yofanana ndendende ndi kusinthasintha 100, omwe ndi masekondi 2, phokosolo limadzifafaniza lokha. Poyeza resistor timagwiritsa ntchito mawaya anayi, awiri otumiza magetsi ndi awiri ongomvetsera, kuti kulimba kwa mawayawo kusalowe m'chiwerengero. Zonsezi n'zolembedwa m'mabuku, koma manja amazidziwa patapita nthawi.

Nanga muyezo wa mavolt 10 uja wadziwa bwanji kuti ndi mavolt 10? Nthawi zambiri umakhala bokosi la zener, monga Fluke 732B, limene silizimitsidwa chaka chonse ndipo limayenda ulendo likudya batire yake kuti lisazizire m'njira. Nalonso limasuntha, nalonso limapita kukapimidwa ku labotale yoposa yathu, mpaka unyolo utafika kumene volt imapangidwa osati kusungidwa. Kale unyolowu unkathera pa selo ya Weston, kabotolo kagalasi kokhala ndi mercury ndi cadmium, kotulutsa volt 1.018, kamene maiko anagwirizana kukatenga ngati muyezo mu 1911. Kanali kosafuna kugwedezedwa, kosafuna kutentha, ndipo dziko lililonse linkasunga volt yakeyake m'gulu la timabotolo timeneti. Mu 1962 Brian Josephson, akadali wophunzira ku Cambridge, anasonyeza mwa masamu zimene zimachitika pakati pa zitsulo ziwiri zozizira kwambiri zolekanitsidwa ndi kakhungu kopyapyala. Zotsatira zake n'zakuti mukawalitsa mafunde a microwave pamalo oterewa, pamabadwa mphamvu imene kukula kwake kumadalira liwiro la mafundewo ndi manambala awiri achilengedwe basi. Pa 70 GHz sitepe imodzi imakhala pafupifupi mamicrovolt 145, ndipo kuti mupeze mavolt 10 mumalumikiza malo oterewa masauzande ambiri pa kachipangizo kamodzi, kozizira mpaka madigiri 269 kumunsi kwa ziro. Ohm nayo inapeza maziko otere mu 1980, pamene Klaus von Klitzing anapeza ku Grenoble kulimba kosasintha kwa maohm 25,812.807.

Pa 1 January 1990 maiko anayamba kugwiritsa ntchito nambala imodzi ya Josephson, 483,597.9 GHz pa volt, ndipo United States inasuntha volt yake ndi pafupifupi 9 ppm kuti ifanane ndi anzake. Pa 20 May 2019, pamene miyezo yonse ya padziko lonse, yotchedwa SI, inamangidwanso pa manambala achilengedwe, volt inasunthanso ndi pafupifupi 0.1 ppm. Kusuntha komalizaku ndi microvolt imodzi pa mavolt 10. Mita ya m'manja singakuone ngakhale pang'ono, koma 3458A imakuona ngati masitepe khumi pa nambala yake yomaliza, ndipo amene ankasunga bwino kaundula wa miyezo yawo anayenera kulemba mzere pa tsiku limenelo kuti wodzawerenga mtsogolo asaganize kuti bokosi lawo linadumpha.

Kaundula ameneyu ndiye nkhani yanga yeniyeni. Eni zida ambiri akatumiza mita amayembekeza kuti ibwerako itawongoledwa, ikulemba 10.0000000 ndendende, ili ndi kapepala komata kolembedwa tsiku. Akaona kapepalako mtima umakhala pansi, setifiketi imalowa m'kabati osawerengedwa. Koma kupima ndi kuwongola ndi ntchito ziwiri zosiyana. Kupima ndi kuyang'ana mmene mita ilili n'kulemba, osasintha kanthu. Kuwongola ndi kulowa m'kati n'kusintha manambala amene mita imadzikonzera nawo. Ntchito yachiwiriyi ikachitika yoyamba isanachitike, chinthu chamtengo wapatali chimatayika ndipo sichingabwezedwe, chomwe ndi umboni wa mmene mita inalili chaka chonse chimene inali kugwira ntchito.

Taganizani za khadi la kusikelo. Mwana akakwezedwa pasikelo lero n'kupezeka makilo 9, nambala imeneyo payokha siuza namwino ngati mwanayo ali bwino. Chimene namwino amayang'ana ndi mzere wa madontho a miyezi yonse, ngati ukukwera bwino, ngati waima, kapena ngati watsika mwadzidzidzi. Mita nayo ili ndi mzere wake. Ina imakwera ndi 1 ppm chaka chilichonse mosalephera, ndipo mita yotere ndimaikhulupirira kwambiri ngakhale itachoka pa nambala yoona ndi 5 ppm, chifukwa ndikhoza kunena lero pamene idzakhale mwezi wa June n'kuchotsera. Ina imabwera ili pafupi kwambiri ndi nambala yoona, koma chaka chino yakwera, chaka chatha inatsika, ndipo palibe angalosere za mawa. Mwini wake amaiyamikira yachiwiriyi chifukwa chaka chilichonse imakhoza mayeso. Ine ndimaiopa.

Sindikunena kuti kuwongola n'kulakwa. Mita ikatuluka kunja kwa malire ake, kapena ikayandikira kwambiri, iyenera kuwongoledwa, makamaka ngati ogwiritsa ntchito ake amawerenga pagalasi osachotsera kanthu. Chimene ndimalimbikira n'chakuti manambala alembedwe kawiri, mmene yafikira ndi mmene yachokera, kuti mzere uja upitirire ngakhale pali sitepe. Ndipo wowongolayo ayenera kudzifunsa moona mtima ngati muyezo wake ukuposa mita imene ili patebulo. Labotale imene muyezo wake uli ndi chikayiko cha 5 ppm ikawongola mita imene inali itangophonya ndi 2 ppm, yaiwononga, ngakhale kuti pa tsikulo ziwirizo zigwirizana bwino lomwe. Lamulo lakale limati muyezo uzikhala wabwino kanayi kuposa chopimidwacho. Pa mita ya m'manja izi n'zosavuta. Pa mita ya manambala asanu ndi atatu ndi theka ndi malabotale ochepa amene angakwanitse, ndipo ena onse ayenera kunena poyera pamene mphamvu yawo yathera.

Kunena poyera kumeneku ndiko chikayiko cholembedwa pa setifiketi. Nambala iliyonse imabwera ndi malire ake, ndipo mwachizolowezi malirewo amawerengedwa kuti pa zana pakhale mwayi wa pafupifupi 95 woti nambala yoona ili m'kati mwake. M'malirewo mumalowa chikayiko cha muyezo wathu, kusuntha kwake kuyambira pamene unapimidwa, kutentha kwa m'chipinda, mawaya, ndi kubalalika kwa manambala amene tawerenga. Muyezo wa ISO/IEC 17025, umene malabotale opima amayesedwa nawo, umafuna zimenezi. Anthu ena akaona chikayiko chachikulu amaganiza kuti labotaleyo ndi yofooka, n'kuthamangira kwa amene walemba chaching'ono kapena amene sanalembe n'komwe. Kwa ine setifiketi yongonena kuti mita yakhoza, yopanda manambala ndi malire ake, ndi pepala lopanda ntchito, ndipo zimandipweteka kuona ndalama zambiri zikulipiridwa pa mapepala otere.

Pali tsiku limene kaundula amaonetsa kulemera kwake konse, tsiku limene mita yafika ili kunja kwa malire. Pamenepo funso silikhalanso la mita ayi, limakhala la zonse zimene inayeza kuyambira kupima kwapita. Mita ya mtunduwu kawirikawiri siyeza mabatire kapena masoketi. Imapima makina opimira mita zina, ndipo mita zinazo n'zimene zimapita m'manja mwa amisiri oyesa makina a m'chipatala, oyesa mamita a magetsi a m'nyumba, oyang'anira zida za pabwalo la ndege. Ngati tikudziwa kuti yaphonya ndi 12 ppm, tikhoza kubwerera m'mabuku n'kuona kuti pa ntchito zambiri 12 ppm siisintha kanthu, pa ntchito ziwiri kapena zitatu pafunika kubwereza. Ngati inawongoledwa osalemba mmene inafikira, palibe chobwerera nacho. Timangokhala ndi chaka chathunthu cha ntchito imene sitingaikire umboni.

Kuno kwathu nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Anthu amadziwa bungwe la Malawi Bureau of Standards chifukwa cha masikelo a pamsika ndi mapampu a mafuta, ndipo ntchito imeneyo ndi ya banja limodzi ndi yathu. Koma mukamakwera unyolo wa volt, posakhalitsa mumatuluka m'dziko, nthawi zambiri kulowera ku South Africa, kumene NMISA ya ku Pretoria imasunga miyezo ya dzikolo, ndipo miyezo imeneyo imayerekezedwa ndi ya maiko ena kudzera ku BIPM ya ku Sèvres ku France. Ulendo wotere ndi wodula, umafuna ndalama zakunja, ndipo chida chimakhala kunja masabata ambiri. Chimagwedezeka m'galimoto, chimazizira m'ndege, chimadikira pachipata. Setifiketi imanena mmene chinalili patebulo la kumeneko, osati mmene chafikira kuno. Magetsi akamazimazima, zener imene imayenera kukhala yotentha usana ndi usiku imazizira n'kutenthanso, ndipo siibwerera nthawi zonse pamene inali. Nyengo nayo imalowererapo. Kuuma kwa mwezi wa October ndi chinyezi cha mwezi wa February zimasuntha maresistor ndi mazener ena pang'ono, ndipo kusunthako kumachedwa masabata angapo pambuyo pa nyengoyo.

Chifukwa cha zimenezi ndimaona kuti ife a kutali ndi amene tiyenera kulemba kwambiri kuposa amene ali ndi muyezo wa Josephson m'chipinda choyandikana. Zofunika zake si zodula poyerekeza ndi mtengo wa mita. Pafunika magwero okhazikika osachepera atatu, chifukwa awiri akasemphana simudziwa wasuntha ndani, koma atatu amaloza amene wachoka pagulu. Pafunika batire yowasunga akuyaka magetsi akazima, choyezera kutentha ndi chinyezi, ndi munthu amene mwezi uliwonse adzawayerekeza onse n'kulemba, ndi mawaya omwewo, m'njira yomweyo. Mita isananyamuke iyezedwe ndi magwero otsala pakhomo, ikabwera iyezedwenso, kuti ulendo ukaisuntha zidziwike. Ntchito imeneyi siioneka, ndipo ndalama zikachepa ndi imene imayamba kudulidwa. Choopsa china ndi kuchoka kwa anthu. Mmisiri amene ankalemba akapuma pantchito, buku lake nthawi zambiri limatsalira m'dirowa, wobwerayo n'kuyamba tsamba latsopano ngati mita yagulidwa dzulo.

Mita zakale za 3458A zili ndi vuto lina limene mwini aliyense ayenera kulidziwa. Manambala ake owongolera amasungidwa m'kachipangizo kokhala ndi batire yomatiridwa m'kati, ndipo batireyo imatha patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Ikatha, manambala onse amafufutika. Amene anawakopera pa kompyuta nthawi idakalipo amasintha kachipangizoko n'kuwabwezeretsa, ndipo mzere wa mita yawo umapitirira. Manambala omwewo, makamaka ya zener ya mavolt 7 ija ndi ya resistor ya m'kati ya maohm 40,000, akamalembedwa nthawi iliyonse mita yawongoledwa, amaonetsa mmene mtima wa mitayo ukukalambira.

Kaundula ndiyenso amayankha funso limene eni zida amafunsa kawirikawiri, loti kodi n'kofunikadi kutumiza mita chaka chilichonse. Chaka chimodzi si lamulo lachilengedwe, ndi poyambira chabe pamene simukuidziwa mita yanu. Mita yokhala ndi madontho asanu kapena asanu ndi limodzi oyenda mumzere umodzi, yoyang'aniridwa mwezi ndi mwezi pakhomo, ikhoza kutalikitsidwira nthawi mpaka zaka ziwiri popanda mantha, ndipo ndalama zotsalazo zikhoza kugula gwero lachitatu lija. Mita yatsopano, kapena imene yangokonzedwa kumene, kapena imene inagwa, iyenera kupimidwa pafupipafupi mpaka khalidwe lake litadziwika. Ndipo yogulidwa kwa munthu wina yopanda mapepala, ngakhale ikhale ya dzina lalikulu chotani, ndimaiyatsa pakona kwa miyezi ingapo ikuyeza gwero limodzi lodziwika, ndisanailole kupima chida cha munthu.